USIKU UMODZI, MATUMBA KHUMI A CIMANGA: ZA MAHOTELA APAMWAMBA NDI ANTHU A KWA MALAMA

DZIKO la Amfumu a Malama lili kumwera kwa boma la Mambwe, m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa, ndipo ndi limodzi mwa maiko asanu ndi limodzi a mafumu a Akunda, amene ndi a Nsefu, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Msoro ndi a Malama. Anthu ake ndi alimi a cimanga, mapira, nshawa ndi thonje, ndipo ambiri amalima ndi khasu la m'manja pakuti kashembe salola ng'ombe kukhala m'cigwa. Mvula ikakula mitsinje imadzaza, mseu wa ku Mfuwe umaduka, ndipo ulendo wa ku cipatala cacikulu umasanduka mlandu.

Koma kutsidya kwa mtsinje womwewo, m'paki ya South Luangwa, muli nyumba za alendo zimene anthu olemera amacokera ku London, ku Berlin ndi ku New York kudzagonamo masiku atatu kapena anai. Ndiponso caka ndi caka mafumu, mamembala a mabungwe a CRB, aphunzitsi ndi anchito a zaumoyo a m'cigwa amaitanidwa ku misonkhano ku Chipata ndi ku Lusaka, kumene nthawi zina amagonekedwa m'mahotela apamwamba. Motero nkhani ya hotela ikhudzanso anthu a kwa Malama, pakuti ena amalowamo ngati alendo, ena ngati anchito, ndipo onse amakhala moyandikana ndi nyama zimene alendo akunja amalipira ndalama zambiri kuti adzazione.

KHOMO LINALI LOTSEKA

Acikulire akali kukumbukira kuti m'nthawi ya atsamunda munthu wakuda sanali kuloledwa kukhala pa tebulo m'nyumba zodyera za Azungu. M'masitolo ambiri anali kugulira pa kawindo ka m'mbali, ndipo m'hotela anali kulowera khomo la kumbuyo monga wophika, wocapa kapena wonyamula katundu. M'caka ca 1957 a Kenneth Kaunda ndi a Harry Mwaanga Nkumbula anacitidwa cipongwe ndi kutulutsidwa m'nyumba yodyera ku Kitwe cifukwa ca khungu lao. Lamulo loletsa tsankho lotere m'malo odyera ndi m'nyumba za kanema linabwera m'caka ca 1960, patangotsala zaka zinai kuti dziko lilandire ufulu.

Hotela ya Ridgeway ku Lusaka inatsegulidwa m'caka ca 1953. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mzinda unayamba kulandira misonkhano ikuluikulu ya maiko, monga wa maiko osatenga mbali mu 1970 ndi wa Commonwealth mu 1979, umene kunabwera Mfumukazi Elizabeth II. Alendo otere anafunika malo ogona oyenera ulemu wao, ndipo mahotela a InterContinental ndi Pamodzi anachuka m'zaka zimenezo. Pambuyo pake anamangidwa enanso monga Radisson Blu pa mseu wa Great East ndi Ciêla kufupi ndi bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda. Lero palibe lamulo lotsekera munthu khomo cifukwa ca mtundu wake. Cimene cimabweza anthu ambiri pa khomopo ndi mtengo.

MLENDO AKAFIKA

Wocokera kwa Malama amayamba wafika ku Mfuwe, nakwera galimoto yopita ku Chipata kudzera kwa Jumbe. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali mtunda wa makilomita pafupifupi 570, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, ndipo basi imatha tsiku lathunthu. Mlendo wakunja amayenda ulendo womwewo pa ndeke kucokera ku bwalo la Mfuwe kwa ola limodzi ndi mphindi zocepa cabe.

Cipinda ca m'hotela yaikulu cimasungitsidwa pasadakhale, pa lamya kapena pa intaneti. Mlendo akafika amapita coyamba pa malo olandirira alendo, pamene amaonetsa citupa cake ca NRC kapena pasipoti, nalemba dzina lake. Nthawi zambiri cipinda cimaperekedwa kuyambira 14 koloko, ndipo tsiku locoka ciyenera kusiyidwa m'mawa, mwina 10 kapena 11 koloko. Wocedwa kutuluka angathe kulipitsidwa ndalama zina. Mahotela ena amapempha cikole ca ndalama, cimene amabweza ngati mlendo sanatenge kanthu kena pa ngongole.

Mfungulo ya masiku ano ndi kakhadi kofanana ndi ka ku banki. Kamakhudzitsidwa pa citseko ndipo citseko cimatseguka. M'mahotela ena kakhadi komweko kamalowetsedwa m'kabowo ka pa khoma kuti magetsi a m'cipinda ayake, ndipo ambiri ofika koyamba akhalapo mu mdima poganiza kuti magetsi azima. Ku zipinda za pamwamba amapita pa cikepe, koma moto ukabuka cikepe sicikweredwa. Kuseri kwa citseko ca cipinda ciliconse kumakhala cithunzi coonetsa makwerero othawira, ndipo ndi nzeru kuciyang'ana asanagone.

Amene aitanidwa ku msonkhano ayenera kufunsa tsiku loyamba lomwe kuti oitanawo alipira ciani: kaya cipinda ndi cakudya ca m'mawa cokha, kaya ndi ca masana ndi ca madzulo comwe. Zonse zimene sizili m'panganolo mlendo amalipira yekha. Ena acoka m'hotela ndalama ya alawansi itathera pa zakumwa ndi zobvala zocapitsa, zimene anali kuganiza kuti ndi zaulere. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo anchito a pa malo olandirira alendo anaikidwa pamenepo kuti aziyankha mafunso otere.

M'CIPINDA NDI PA TEBULO

M'cipinda mumakhala bedi lalikulu loyalidwa nsalu zoyera, wailesi ya kanema, makina oziziritsa mpweya, bafa ndi cimbudzi ca madzi. Pa mpope, cizindikiro cofiira ndi ca madzi otentha ndipo cabuluu ndi ca ozizira. Madzi otentha a m'hotela angathe kusupula khungu, kotero ndi bwino kuyamba ndi ozizira, makamaka posambitsa mwana. Tiyi, khofi ndi shuga zoikidwa pafupi ndi ketulo kawirikawiri zimakhala zaulere. Koma zakumwa za m'kafiriji kakang'ono, m'mahotela amene amaikamo, zimawerengedwa m'mawa uliwonse, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa m'sitolo.

Tisopo ting'onoting'ono mlendo angathe kutenga. Mathaulo, mabulangete ndi mkanjo wosambira ndi katundu wa hotela, ndipo cosowa cimalembedwa pa bilu. Ndalama ndi zikalata zofunika zimasungidwa m'kabokosi kacitsulo kotsekedwa ndi manambala amene mlendo asankha yekha. Kusuta fodya m'cipinda n'koletsedwa m'mahotela ambiri, pakuti kudenga kuli kacipangizo konunkhiza utsi kamene kamaliza belu la moto. Wacibale wa m'komboni akabwera kudzaceza amalandiridwa pa malo ocezera pansi. Kumugoneka m'cipinda mobisa ndiko kuswa malamulo a nyumbayo.

Cakudya ca m'mawa cimayalidwa pa matebulo aatali, ndipo munthu aliyense amatenga mbale nadzipakulira yekha: mazira, buledi, phala, zipatso, nyama ndi zina. Palibe womletsa kubwereza, koma ulemu ndi kutenga zimene angathe kumaliza. Mahotela ambiri a m'Lusaka amaphikanso nsima ndi nkhuku ya kumudzi, nsomba, kapenta kapena ndiwo zotendera, ndipo woperekera zakudya amabweretsa madzi osamba m'manja akapemphedwa. Kudya nsima ndi manja m'hotela ya m'dziko la eni ake si camanyazi. Wodwala shuga kapena amene sadya nyama ina anene msanga, ophika amamkonzera cake.

KODI SPA N'CIANI?

Mahotela ambiri apamwamba amalemba pa cikwangwani kuti ali ndi spa. Liu limeneli linacokera ku dzina la katauni kochedwa Spa m'dziko la Belgium, kumene kuli akasupe amene anthu a ku Ulaya anali kupitako kwa zaka mazana kukamwa ndi kukasamba madzi ake pofuna kupeza bwino m'thupi. Akasupe otere aliko kuno komwe. Woyenda pa mseu wa Great East amadutsa pa Chinyunyu, pakati pa Rufunsa ndi Chongwe, pamene madzi otentha amatumphuka pansi nthunzi ili tolo. M'cigawo ca Nsefu ca paki ya South Luangwa mulinso kasupe wa madzi otentha amcere, pamene nyama ndi mbalame zimasonkhana m'cilimwe.

Zambiri zimene zimacitika mu spa agogo a m'midzi anazidziwa kale. Munthu wa cimfine anali kufukizidwa nthunzi ya masamba owiritsa atafunda bulangete. Wobzungunyuka phazi anali kuthowedwa ndi kansalu ka madzi otentha. Mai amene wacira kumene anali kuthowedwa ndi kutikitidwa ndi azamba, ndipo khungu louma linali kudzozedwa mafuta a nsatsi. Mu spa nchito zomwezi zimagwiridwa m'zipinda zoyera ndi zacete, ndi anthu ophunzitsidwa za minofu ndi mitsempha, ndipo zimalipiridwa. Ngakhale mafuta ena amene amadzoza kumeneko ndi ocokera ku mitengo yodziwika m'cigwa, monga mlambe ndi mfula.

Wofuna kutikitidwa thupi amalembetsa nthawi, ndipo asanayambe amafunsidwa za matenda amene ali nao. Kutikita kumatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Munthu amagona pa kabedi kakatali atafunditsidwa thaulo, ndipo wotikita amabvundukula mbali yokhayo imene akugwirapo nchito. Mlendo ali ndi ufulu wopempha kuti amtikite mwamuna kapena mkazi, ndi kunena ngati akumva kuwawa. Palinso kacipinda ka matabwa kochedwa sauna, kamene kamatentha kufika madigiri 80 kapena kuposa, ndi kena ka nthunzi kotentha pang'ono. M'menemo munthu sayenera kupitirira mphindi 10 kapena 15, ndipo akatuluka amwe madzi ambiri. Woledzera asalowemo konse. Mai wapakati, wodwala mtima ndi wa bvuto la kuthamanga kwa magazi ayambe afunsa dokotala.

Zinthu ziwiri ziyenera kunenedwa poyera. Coyamba, spa si cipatala. Imapumitsa thupi lotopa ndi kufewetsa minofu yolimba, koma sicotsa malungo kapena kaodzera. Munthu wa m'cigwa amene thupi latentha ndi kuphwanya ayenera kukapimitsa magazi, osati kukadzitsekera m'nthunzi. Caciwiri, kutikita thupi m'hotela yolembetsedwa ndi Boma ndi nchito yaulemu yophunziridwa ku sukulu, ndipo mlendo wocita zacipongwe kwa wanchito amatulutsidwa. Makolo amene mwana wao wasankha nchito imeneyi asamuganizire zoipa.

TSIKU LA BILU

Mahotela amapatsidwa nyenyezi kuyambira imodzi kufikira zisanu, malinga ndi ukulu wa zipinda, ukhondo, cakudya ndi kasamalidwe ka alendo. M'dziko lino nchito yopereka zilolezo ndi nyenyezi ili m'manja mwa bungwe la Zambia Tourism Agency, potsata lamulo la zokopa alendo la m'caka ca 2015. Nyenyezi zikaculuka, mtengo umakweranso.

Cipinda ca m'hotela yapamwamba ya m'Lusaka cimagwa pakati pa madola a ku America 100 ndi 300 usiku umodzi, malinga ndi hotela ndi nyengo. M'caka ca 2025 bungwe la FRA linali kugula thumba la cimanga la makilogramu 50 pa K340. Pa mtengo umenewo, cipinda ca madola 150 cinali kufanana ndi matumba khumi, ndiko kuti cakudya ca banja ca miyezi ingapo cothera pa tulo ta usiku umodzi. Zocitika mu spa zimalipiridwa padera, ndipo kawirikawiri ola limodzi lotikitidwa limadya matumba ena awiri kapena kuposa.

Pa bilu pamaoneka ndalama zina zoonjezera. Pali msonkho wa VAT wa 16 peresenti. Pali msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti, umene unayamba kutoledwa m'caka ca 2017. Palinso 10 peresenti ya utumiki pa cipinda, cakudya ndi zakumwa, imene lamulo linena kuti igawidwe kwa anchito a hotelayo. Anyamata ndi atsikana a m'cigwa amene alowa nchito m'mahotela ayenera kudziwa kuti ndalama imeneyi ndi yao mwa lamulo, ndipo si mphatso ya bwana. Mlendo naye, pomva mtengo, afunse ngati misonkhoyi ili kale m'kati. Asanalipire awerenge bilu mzere ndi mzere, atsutse mwaulemu cimene sanatenge, ndipo asunge lisiti, makamaka ngati ndalama ndi za bungwe kapena za anthu a kumudzi amene adzafuna kumva m'mene zinayendera.

KUTSIDYA KWA LUANGWA

Kuti munthu wa kwa Malama aone nyumba ya alendo yapamwamba, safunika kufika ku Lusaka. Nchito yokopa alendo m'cigwa inayamba m'caka ca 1950, pamene Norman Carr anagwirizana ndi Amfumu Aakulu a Nsefu kuti apatule mbali ya dziko lao ikhale yosungiramo nyama, ndi kuti ndalama zolipira alendo odzaona nyamazo zizipita kwa eni dziko. Carr yemweyo ndiye anachukitsa ulendo woyenda pansi m'chire, alendo atatsogozedwa ndi wolondolera ndi msilikali wa nyama wonyamula mfuti. M'caka ca 1972 South Luangwa inakhazikitsidwa kukhala paki, ya ukulu wa makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 pa phiri la Chichele panamangidwa nyumba yopumulirako Mtsogoleri woyamba wa dziko, a Kaunda, amene anali kukonda cigwa ca Luangwa kwambiri. Nyumbayo inakhala hotela ya Boma, monganso Mfuwe Lodge, kufikira pamene makampani a Boma anayamba kugulitsidwa kapena kubwereketsedwa kwa anthu amalonda m'zaka za m'ma 1990. Chichele itamangidwanso inatsegulidwa kaciwiri m'caka ca 2025, ndipo ili ndi dziwe losambiramo ndi spa. Mfuwe Lodge inachuka pa dziko lonse cifukwa ca njobvu zimene zimalowa pa khomo ndi kudutsa pa malo olandirira alendo kukadya matondo m'bwalo la m'kati, kuyambira kumapeto kwa Okutobala kufikira m'Disembala. Kumeneko kulinso spa yoyang'ana pa thawale, ndipo mlendo amatikitidwa uku akumva mvuu zikulira.

M'nyumba zodula koposa za m'cigwa, munthu mmodzi amalipira kupitirira madola 1,000 usiku umodzi m'nyengo ya cilimwe, pamodzi ndi cakudya ndi maulendo okaona nyama. Pa mtengo wa FRA wa 2025 amenewo anali matumba oposa 60. Cimene mlendo amalipirira ndalama yonseyi si bedi lokha, pakuti mabedi abwino aliko kwao. Amadzera kambuku, mkango, njobvu, mimbulu ndi nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse koma m'cigwa ca Luangwa. Nyama zimenezi sizidziwa malire a paki. Zimaoloka mtsinje ndi kulowa m'dera la Lupande, m'mene muli midzi ndi minda ya Akunda.

NANGA GAWO LA MALAMA?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Njobvu imene mlendo waijambula madzulo ali pa khonde la loji ingathe kukhala yomweyo imene usiku ikatha munda wa mapira kapena kupasula nkhokwe tsidya lino. Alimi amagona m'misasa ya kumunda miyezi yathunthu, akuomba zitini ndi kufukiza tsabola. Ng'ona zimagwira anthu pa madooko. Lamulo la zanyama la m'caka ca 2015 silinaike njira yolipirira mlimi amene mbeu zake zaonongedwa. Lipoti la World Bank la m'caka ca 2021 linapeza kuti zokopa alendo zinali kupatsa nchito anthu pafupifupi atatu mwa khumi alionse a msinkhu wogwira nchito ozungulira South Luangwa, koma linaonetsanso kuti mabanja amataya gawo la zokolola zao cifukwa ca nyama. Ndipo popeza maloji ambiri anaunjikana kufupi ndi Mfuwe, m'dziko la a Kakumbi, nchito ndi misika zimafika mocepa kwa Malama.

Komatu dziko la Malama lili ndi mbiri yake pa nkhani yogawana phindu la nyama. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 opha nyama mobisa anatha njobvu zikwi zambiri m'cigwa, ndipo cipembere cakuda cinatheratu, kotero kuti mu 1998 cinalengezedwa kuti kulibenso m'dziko lino, kufikira pamene zina zinabweretsedwa ku North Luangwa kuyambira mu 2003. Pakati pa zaka za m'ma 1980, Dr Dale Lewis pamodzi ndi akuluakulu a cigawo ca zanyama monga a Gilson Kaweche ndi a Ackim Mwenya anayesa njira yatsopano m'dera la Malama: kulemba anyamata a m'midzi momwemo kukhala alonda a nyama, ndi kubwezera kwa anthu gawo la ndalama zocokera ku nyamazo. Kuyesa kumeneku ndiko kunabala pulogramu ya ADMADE, imene inafalikira m'madera ena a dziko, ndipo alonda a m'midzi ocokera kutali anali kudzaphunzira pa Nyamaluma. M'caka ca 1986 kunayambanso pulogramu ya LIRDP ndi thandizo la dziko la Norway, ndipo lamulo la 1998 linakhazikitsa mabungwe a CRB m'maiko a mafumu.

Makonzedwe amene anatsatidwa m'nthawi ya bungwe la ZAWA anali akuti theka la ndalama zolipirira nyama zosakidwa ndi alendo lipite kwa anthu, 45 peresenti ku CRB ndi 5 peresenti kwa mfumu. Tsono ndalama zimenezi ndi za kusaka m'madera ozungulira paki. Zimene alendo amalipira polowa m'paki yeniyeni zimapita ku thumba la Boma. Ndiye cifukwa cake pamene Boma linaimitsa kusaka kwa alendo m'caka ca 2013, mabungwe a CRB m'madera ambiri anauma manja, ngakhale kuti maloji a kutsidya anali kulandirabe alendo. Eni maloji ena, poona kusiyana kumeneku, anayambitsa mu 2009 thumba la Luangwa Conservation and Community Fund, m'mene mlendo aliyense amaponyamo kandalama pa usiku uliwonse, ndipo zimagawidwa pakati pa nchito yoteteza nyama ndi yothandiza masukulu. Thandizo lotere ndi labwino, koma limadalira mtima wa wopereka. Gawo lolembedwa m'lamulo ndilo limene anthu angaliitanitse popanda kugwada.

NJIRA ZOLOWERA

Khomo loyamba ndi sukulu. Hotela iliyonse imafuna ophika, operekera zakudya, oyala zipinda, okonza magetsi ndi mipope, osunga mabuku a ndalama ndi anchito a mu spa. Ku Lusaka kuli sukulu ya Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies, imene inakulira pa hotela ya Fairview, yophunzitsa nchito zimenezi. M'cigwa momwemo nchito yolemekezeka koposa ndi ya wolondolera alendo, imene munthu amaipeza atapambana mayeso obvuta a za nyama, mbalame, mitengo ndi citetezo ca alendo. Mwana wokulira kwa Malama amadziwa kale mapazi a nyama ndi maina a mitengo. Cimene cimamsowa kawirikawiri ndi Cingerezi ndi satifiketi ya sekondale. Ndalama za CRB zolipirira ana sukulu sizitayika.

Khomo laciwiri ndi malonda. Khichini ya loji imafuna tomato, anyezi, kabichi, mazira, uci ndi zipatso tsiku ndi tsiku, ndipo imagula kwa amene angabweretse zabwino mosadukiza. Mlimi mmodzi sangathe, koma gulu la alimi a madimba lingathe. Ku Mfuwe amai a Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangili kucokera ku mawaya a misampha yolandidwa m'chire, ndipo alendo amagula. M'caka ca 1997 anthu a mudzi wa Kawaza kwa a Nsefu anayamba kulandira alendo kudzagona m'nyumba za udzu, kudya nsima ndi kuona moyo wa pamudzi, ndalama zake n'kuthandiza sukulu ndi osowa. Anaonetsa kuti mudzi nao ungakhale mwini wa nyumba ya alendo.

Khomo lacitatu, limene lifunika kulondedwa koposa, ndi nthaka. Amalonda ofuna kumanga maloji atsopano amayang'ana malo a m'mphepete mwa mtsinje amene sanatengedwe, ndipo ena mwa malo otere ali kwa Malama. Lamulo la nthaka la m'caka ca 1995 limalola kuti malo a mfumu asandutsidwe a lisi ya zaka zofika 99, mfumu ndi khonsolo zikabvomereza, ndipo malo akatuluka motero kubwerera m'manja mwa mudzi n'kobvuta. Cifukwa cake mafumu, nduna, mafumu a midzi ndi a CRB ayenera kuwerengera anthu pangano lonse pa msonkhano asanasaine: zaka zingati, lendi yanji pa caka, anchito angati ocokera m'deralo, ndiponso ngati anthu adzapitirira kutunga madzi, kuwedza ndi kumweta udzu pamalopo. Pangano la pakamwa lopangidwa pa tebulo la hotela, mimba zitakhuta, silimanga munthu m'bwalo la milandu.

Mwambo wa Akunda, monga wa anansi ao Acewa, Ansenga ndi Angoni, ndi wolandira mlendo ndi madzi akumwa, mpando ndi nkhuku. Hotela yapamwamba inatenga mwambo womwewo ndi kuuikira mtengo, ndipo palibe colakwa pamenepo ngati eni dziko alandirako gawo loyenera. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Alendo a ku Chichele ndi a ku Mfuwe amakwera ndeke pakapita masiku owerengeka, koma anthu a kwa Malama amatsala ndi njobvu m'minda caka conse. Kuti nyamazo zikhalepobe zaka zikudzazi, ndipo mahotela apitirire kudzaza, mlimi wa tsidya lino ayenera kuona m'thumba mwake, pa sukulu ya mwana wake ndi pa mseu wa kwao kuti kuzisunga kuli ndi phindu.